Kulumikiza Matabwa ndi Mabisiketi M'mashedi a ku Mangochi

Tebulo lakale la mlombwa mumalidziwira pamwamba pake. Matabwa awiri, akachuluka atatu, ankakwana kuphimba tebulo lonse lodyera, chifukwa mitengo imene ocheka ankagwetsa masiku amenewo inali ikuluikulu. Lero mukalowa m'mashedi a akalipentala pa Mangochi Boma, pa Monkey Bay kapena pa Namwera, matabwa amene atsamira khoma ndi opapatiza: a mainchesi 6, a mainchesi 8, ndipo la mainchesi 12 likapezeka mwini wake amalibisa kuseri kudikira kasitomala wa ndalama. Nkhalango za Phirilongwe, Namizimu ndi Mangochi zapereka makala, nkhuni zowambira nsomba ndi matabwa kwa zaka zambiri, ndipo mitengo yoyamba kugwa inali yonenepa. Vutoli si la kuno kokha. Mu November 2022, pa msonkhano wa ku Panama, mayiko a m'pangano la CITES anaika mitundu ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu ya mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake odutsa malire ayenera kukhala ndi chilolezo.

Zotsatira zake kwa mmisiri n'zoonekeratu. Tebulo limene agogo ake ankapanga ndi matabwa awiri, iye alipanga ndi asanu kapena asanu ndi limodzi. Chitseko cha kabati chimene chinali thabwa limodzi tsopano ndi matabwa atatu. Pamwamba pa zimenezi pabwera mabodi a ku fakitale, pulayiwudi, blockboard ndi MDF, monga amene kampani ya Raiply imapanga ku Chikangawa, omwe m'mphepete mwake msomali sugwira bwino ndipo sikuluu imang'amba. Kulumikiza matabwa, komwe kale kunali kagawo chabe ka ntchito, lero ndi kumene kumasiyanitsa mmisiri ndi wongokhoma. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa makina otchedwa biscuit jointer, amene ena mwa anyamata obwerera kuchokera ku Joni amabwera nawo m'zikwama pamodzi ndi chopukusira ndi makina oboolera.

Kumene anachokera

Makinawa anabadwira m'shopu ya kalipentala wa ku Switzerland, Hermann Steiner, amene anatsegula ntchito yake m'tauni ya Liestal mu 1944. Patapita zaka pafupifupi khumi, ku Ulaya kunafala mabodi opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa pamodzi. Anali otchipa ndi otambalala, koma njira zakale zolumikizira sizinkagwira pa iwo. Cha mu 1955 Steiner anapeza nzeru yake: kudula kabowo kakang'ono m'mbali mwa bodi lililonse, n'kulowetsamo kamtengo kophwatalala kopakidwa guluu, theka mbali iyi theka mbali inayo. Makina oyamba ogwira m'manja anatuluka mu 1968, ndipo kampani imene inachokera pa ntchitoyi, Lamello, ilipobe. Pambuyo pake makampani ena monga Makita, DeWalt ndi Bosch anayamba kupanga awo.

Mbiriyi ikutiuza chinthu chimene wogulitsa makina sangakuuzeni. Chidachi chinapangidwira mabodi a ku fakitale ndi matabwa ouma bwino, m'dziko lozizira la magetsi osazimazima. Ku Mangochi matabwa amafika pa shedi akudonthabe madzi, dzuwa la October limapitirira madigiri 35, ndipo mvula ikayamba mpweya wa m'mphepete mwa nyanja umadzaza chinyezi. Makinawa akhoza kugwira ntchito bwino kuno, koma kwa munthu amene wamvetsa kusiyana kumeneku.

Mmene amagwirira ntchito

M'kati mwa makinawa muli macheka ozungulira a mamilimita 100 kukula kwake ndi mamilimita 4 kuchindikala kwake, amene amazungulira maulendo 10,000 kapena 11,000 pa mphindi. Machekawo amabisika m'chitsulo. Mukatsamiritsa kutsogolo kwa makina pa thabwa n'kukankha, amatuluka n'kudula kabowo kokhota, kakuya pakati n'kumaphwa kumapeto. Mukasiya kukankha, sipuling'i imawabwezera m'kati. Kutsogoloko kuli chitsulo chokwera ndi kutsika, chimene amisiri amati fensi. Chimenechi chimakhala pamwamba pa thabwa ndipo ndicho chimalamula kuti kabowo kakhale mtunda wotani kuchokera pamwamba.

Bisiketi yake ndi kamtengo kophwatalala kooneka ngati njere ya mango. Amaipanga ndi mtengo wa ku Ulaya wotchedwa beech, amaiumitsa kwambiri n'kuifinya pa makina. Misinkhu yodziwika ndi itatu. Nambala 0 ndi ya mamilimita 47 m'litali ndi 15 m'lifupi, nambala 10 ndi ya 53 ndi 19, nambala 20 ndi ya 56 ndi 23. Ikauma imalowa m'kabowo mosavuta. Ikakhudzana ndi guluu woyera wa matabwa, yemwe gawo lake lalikulu ndi madzi, imamwa madziwo n'kufufuma mpaka kudzaza kabowo thothotho. Mitsempha ya mtengo wa bisiketi imadutsa mopingasa, kotero kuti sithyoka msanga pa mzere wa jointi. Ndipo popeza kabowo kamatalikirapo pang'ono kuposa bisiketi, mumatha kusuntha thabwa uku ndi uku mamilimita angapo guluu asanagwire. Ndi madawelo, timitengo tozungulira tija, mwayi umenewu palibe: mukaphonya kuboola ndi milimita imodzi, matabwa sakumana.

Chimene bisiketi imachita, ndi chimene singachite

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mukamata matabwa awiri m'mbali, mitsempha yake itayenda mofanana, mphamvu ya jointi imachokera kwa guluu ndi kwa puleni. M'mbali mopalidwa mowongoka, momatidwa bwino, mumakhala molimba kuposa thabwa lenilenilo, ndipo mukamenya ndi hamala thabwa limang'ambika pambali, jointi n'kutsala. Mabisiketi pamenepa saonjezera mphamvu yochuluka. Ntchito yake ndi kugwira matabwa kuti nkhope zake zikhale mofanana pamene mukumanga makilampu. Amene anamatapo matabwa asanu nthawi imodzi akudziwa mmene amatererera pa guluu, ili likukwera ilo likutsika, ndi maola amene amatha pambuyo pake kupala ndi kukwecha kuti pamwamba pasalale. Pa thabwa la mamilimita 20, kupala mamilimita 3 chifukwa cha jointi yosiyana n'kutaya mtengo umene munagula ndi ndalama. Mabisiketi amapulumutsa nthawi imeneyo ndi mtengo umenewo.

Pamene amaonjezeradi mphamvu ndi pa makona a kabati, pa mashelefu olowa m'mbali mwa wadirobu, pa mafelemu odulidwa madigiri 45, ndi pomata kathabwa kolimba m'mphepete mwa bodi. M'malo amenewa guluu yekha sagwira bwino chifukwa kumapeto kwa thabwa kumamwa guluu osamata. Bisiketi imapatsa guluu pogwira, ndipo kunja sikuoneka mutu wa msomali.

Koma mpando ayi. Miyendo ya mpando imalandira kugwedezeka tsiku ndi tsiku, munthu akutsamira chammbuyo, ana akukokera pa simenti. Bisiketi imangolowa mamilimita 12 okha mbali iliyonse, ndipo zimenezo sizikwana. Mpando, bedi, miyendo ya tebulo lalikulu, benchi ya ku tchalitchi, desiki ya ku sukulu ndi chitseko cha panja zimafuna motisi ndi tenoni, lilime la thabwa lolowa m'bowo lakuya losemedwa ndi tchizulo. Luso limeneli lakhala m'dera lino nthawi yaitali. M'gulu la amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 pamodzi ndi Robert Laws munali kalipentala, George Johnston, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mishoni zinkaphunzitsa anyamata ntchito ya matabwa. Lero lusoli limaphunzitsidwa m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, koma makamaka m'mashedi momwe, mnyamata akuyang'ana manja a amisiri ake. Chimene ndimaopa ndi chakuti mnyamata wopeza makina odula kabowo m'masekondi awiri angayambe kuona tchizulo ngati chinthu cha makedzana, n'kumagulitsa mipando imene idzagwedera chaka chisanathe. Makinawa abwere kudzaonjezera pa luso lija, asadzalilowe m'malo.

Za maboti n'zosachita kufunsa. Zombo za matabwa zinayenda pa nyanjayi kuyambira masiku a mfumu Makanjira, ndipo opanga maboti a ku Mpwepwe ndi m'madoko ena ali ndi njira zawo za nthiti, misomali ndi zotsekera mipata. Mtengo wa beech umaola msanga ukanyowa, ndipo guluu woyera wamba amasungunuka m'madzi. Bisiketi ilibe malo pa boti.

Chinyezi cha kunyanja

Thabwa silisiya kusintha ngakhale mtengo unagwa kalekale. Mpweya ukanyowa limamwa chinyezi n'kufufuma, ukauma limatulutsa n'kunyala. Kusinthaku kumachitika m'lifupi, pomwe m'litali sikuoneka n'komwe. Mtengo wongodulidwa kumene ukhoza kukhala ndi madzi olemera theka la kulemera kwa mtengo wouma, kapena kuposa pamenepo. Thabwa loyenera mipando ndi matebulo a m'nyumba liyenera kutsika kufika pa maperesenti 10 mpaka 15. Pakati pa ziwerengero ziwirizi thabwa limanyala, kupindika ndi kung'aluka, ndipo likachita zimenezi litamatidwa kale pa tebulo, palibe bisiketi kapena guluu amene angaliletse. Jointi imayasama, kapena thabwa limang'ambika pambali pa jointi.

Amisiri amadziwa zimenezi. Chimene chimawakakamiza ndi umphawi wa mpamba. Kasitomala wapereka theka la ndalama Lolemba, matabwa agulidwa Lachiwiri, ndipo Loweruka akubwera kudzafunsa kuti, "Amisiri, kabati yanga ija ili pati?" Kusunga matabwa miyezi ingapo kumafuna ndalama zogona ndi malo a denga. Komabe ndinene mosabisa: munthu amene ali ndi ndalama zogulira makina a mabisiketi koma alibe mulu wa matabwa ouma wayamba ndi chinthu cholakwika. Ndalamazo ayambe wagulira matabwa, awasanje pa mthunzi, pamwamba pa njerwa kuti chiswe chisafike, ndi timitengo tofanana pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, ndi cholemera pamwamba. Nyengo ya mwera ndi miyezi yotentha yotsatira imaumitsa bwino, bola dzuwa lisaombe matabwawo mwachindunji. Kuti mudziwe ngati auma, pali kachipangizo ka batire kokhala ndi timisomali tiwiri koyezera chinyezi. Popanda iko, sankhani thabwa limodzi laling'ono pa mulu, muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba kulemera kwake ndi pensulo pa thabwa lomwelo. Likasiya kupepuka kwa masabata awiri kapena atatu, lafika pamene mpweya wa kwanuko ungalifikitse.

Mitengo imasiyana. Mlombwa umatchuka chifukwa umanyala pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mitengo yambiri, ndipo n'chifukwa chake matebulo akale aja akadali athyathyathya. Mbawa nawo ndi wodekha. Malaina amatenga nthawi yaitali kuti aume, koma akauma amakhala phee. Paini wa ku Chikangawa, Zomba ndi Dedza amauma msanga koma amasuntha kwambiri: tebulo la paini la mamilimita 900 m'lifupi likhoza kusintha ndi mamilimita angapo, ngakhale kuyandikira 10, pakati pa October ndi February. Bulugamu ndiye wovuta koposa, wopindika ndi kung'aluka. Pamene mitengo yachilengedwe ikutha, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 lomwe linakhwimitsidwa mu 2020 likufuna chilolezo pa mitengo imeneyi, mmisiri wa mawa azigwira kwambiri paini, malaina ndi bulugamu. Mitengo yosunthayi ndi imene imafuna kuumitsa kosamala.

Chinyezi chomwechi chimagwiranso mabisiketi ali m'paketi. Paketi yotsegula ikagona pa shelefu ya shedi ya ku Makawa kapena ku Chembe m'mwezi wa January, pakatha masabata ochepa mabisiketi afufuma okha ndipo sakulowanso m'kabowo. Asungeni m'botolo kapena m'chigubu chotseka bwino. Ofufuma kale akhoza kubwererako pang'ono mukawayanika pa lata padzuwa la masana, koma amene akukanabe musawakhomere ndi hamala, chifukwa adzang'amba thabwa. Bisiketi yabwino imalowa ndi chala ndipo sigwa mukatembenuza thabwa.

Pali chilema china chimene chimaonekera mochedwa, katundu atapita kale kwa mwini wake. Guluu akalowa m'kabowo, mtengo wozungulira kabowoko umafufuma pang'ono. Mukakwecha ndi sandipepa tsiku lomwelo, mumachotsa kotukukako. Madzi akauma, mtengo umabwerera, ndipo pamwamba pa tebulo pamatsala timaenje tosaya, tooneka bwino lomwe vanishi akawala, tolondola pamene pali bisiketi iliyonse. Mankhwala ake ndi kudikira. M'chilimwe tsiku limodzi kapena awiri, m'dzinja masiku atatu kapena kuposa. Ndipo kabowo kasayandikire nkhope ya thabwa: pa thabwa lopyapyala kuposa mamilimita 15 chilemachi chimavuta kupewa.

Tebulo la pa khonde la loji, loyang'ana ku nyanja, lolandira mame ndi mvula ya mphepo, likufuna guluu wosalowa madzi msanga. Pa mabotolo ena amalemba D3 kapena D4, zizindikiro za ku Ulaya zosonyeza kupirira madzi, ndipo D4 ndiye wopirira kwambiri. Guluu wonunkha womatira fomaika ndi nsapato si wa ntchito imeneyi.

Kusankha makina

Funso loyamba ndi la magetsi. Ku Malawi magetsi ndi a mavoti 230, chimodzimodzi ku South Africa, kotero makina ochokera ku Johannesburg amangofunika kusintha pulagi. Ochokera ku America ndi a mavoti 120 ndipo amapsa mukangowalumikiza. Samalaninso ndi zida zakale zochokera ku Britain zokhala ndi pulagi yachikasu yozungulira: zimenezo ndi za mavoti 110, zogwiritsa ntchito pa malo omanga nyumba, ndipo zimafuna thiransifoma yake. Werengani kachitsulo kapena kapepala ka pa makina musanapereke ndalama. Makina ambiri amadya mawati 600 mpaka 900, ndiye jenereta yaing'ono yabwino ikhoza kuwayendetsa, bola ikhale ndi mphamvu yoposa pamenepo kawiri chifukwa injini imakoka kwambiri polira. Amene anaona mdima umene unatsatira namondwe Ana mu January 2022, pamene siteshoni ya Kapichira inaima n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, sadzaiwala kufunsa funso limeneli. Alipo makina a batire ya mavoti 18. Popeza kudula kabowo kumatenga kanthawi kochepa, batire imodzi imapita patali, ndipo kwa shedi ya sola ndi abwino. Koma batire ikafa mtengo wake umawawa, choncho ndi oyenera amene ali kale ndi zida zina za batire yomweyo.

Chachiwiri, ndipo kwa ine chachikulu, ndi fensi. Mphamvu ya injini si nkhani, chifukwa ngakhale makina otchipa amadula kabowo. Chimene chimasiyanitsa makina abwino ndi oipa ndi chakuti fensi ikhale yofanana ndi macheka mbali zonse, ndipo ikamangidwa isasunthe. Fensi yopendekeka imadula mabowo opendekeka, ndipo matabwa amatuluka osiyana kuposa mukanamata opanda bisiketi. Sankhani ya chitsulo, osati ya pulasitiki, yokwera ndi kutsika pa mano, yopendama kuyambira madigiri 0 mpaka 90. Gwirani makina osalumikiza ku magetsi, kankhani mutu wake kangapo: uziyenda myaa, usagwedere m'mbali. Ngati wogulitsa alola, dulani mabowo pa tizidutswa tiwiri, lowetsani bisiketi, phatikizani, n'kuyendetsa chala pa jointi. Chala chimamva kusiyana kumene diso silikuona.

Pa makina ogwirapo kale ntchito, yang'anani mano a macheka ngati onse alipo, mverani ngati magiya akukukuta, onani ngati moto ukuthetheka kwambiri m'kati mwa injini. Funsani ngati makala ake a injini, amene amati mabulashi, amapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe. Makina a kampani yodziwika ogwirapo ntchito amaposa atsopano opanda dzina amene zipangizo zake simudzazipeza.

Chachitatu ndi mabisiketi enieniwo. Sapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira, ndiye wogula makina aguliretu bokosi lalikulu, makamaka a nambala 20, omwe amagwira ntchito zambiri pa matabwa a mamilimita 18 kupita m'mwamba.

Pali njira yachidule imene ndikupempha aliyense aipewe. Ena amaona kuti makinawa akufanana ndi chopukusira zitsulo, ndiye amamangirira macheka a matabwa pa chopukusira n'kumadula mabowo ndi manja. Pamenepo palibe chobisa macheka, palibe fensi, palibe sipuling'i. Mano akangokodwa m'thabwa, chida chimadumphira kwa mwini wake, ndipo mabala ake ndi a zala, mkono ndi nkhope. Amene ali ndi rauta akhoza kugula kampeni kodula mpata wa mamilimita 4, n'kupeza zotsatira zofanana mosaika moyo pachiswe.

Kagwiritsidwe kake

Zonse zimayambira pa puleni. Ikani matabwa awiri m'mbali moyang'anana ndi kuwala: ngati kuwala kukudutsa, bwererani mukapale. Makilampu akhoza kutseka mpata lero, koma thabwa lokakamizidwa limabwerera mwakale.

Yalani matabwa mmene adzakhalire, mukuyang'ana kumapeto kwake kuti mizere ya zaka isinthanesinthane, ina yoyang'ana kumwamba ina pansi, kuti tebulo lisapindikire mbali imodzi. Jambulani chilembo cha V chachikulu chodutsa matabwa onse kuti musawasokoneze. Kenako lembani timizere todutsa jointi iliyonse pa mtunda wa mamilimita 150 mpaka 250. Kamzere koyamba kakhale mamilimita osachepera 50 kuchokera pamene mudzadulire pomaliza. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo podula kumapeto kwa tebulo amatulukira theka la bisiketi likuonekera.

Ikani fensi kuti kabowo kakhale chapakati pa kuchindikala kwa thabwa. Sikofunika kuti pakhale pakati penipeni. Chofunika ndi chakuti mabowo onse ayezedwe kuchokera ku nkhope imodzi, ya pamwamba, pa matabwa onse. Mukatembenuza thabwa limodzi, jointi isiyana. Onetsetsaninso kuti m'mbali mwa thabwa mwatulukira kunja kwa benchi, chifukwa pansi pa makina pakakhudza benchi, fensi imanyamuka osadziwa inu. Thabwa lochindikala kuposa mamilimita 30 limafuna mizere iwiri ya mabisiketi, wina m'mwamba wina m'munsi.

Kuya kwa kabowo kumasankhidwa pa kagudumu kolembedwa 0, 10 ndi 20, koma kayeseni musanakhulupirire. Dulani kabowo pa chidutswa, lowetsani bisiketi, lembani mzere pa bisiketiyo motsata thabwa. Itulutseni, itembenuzeni, lowetsani mbali inayo. Mzere uja uyenera kubisika m'kabowo ndi milimita imodzi kapena awiri. Ukaonekera kunja, mabowo ndi osaya ndipo matabwa sadzakumana.

Mangani thabwa pa benchi. Musaligwire ndi dzanja kutsogolo kwa makina, ngakhale litakhala laling'ono bwanji, makamaka likakhala laling'ono. Lunjikitsani mzere wa pa makina ndi kamzere kanu, dinikizani fensi, lizani injini ifike pa liwiro lake, kankhani mosathamanga mpaka kumapeto, bwezani. Mlombwa ndi mbawa zimafuna dzanja lodekha kuposa paini. Pochotsa utuchi wotsekeka kapena posintha macheka, zulani pulagi, ndipo magetsi akazima zimitsaninso makina, kuti asadzadzuke okha magetsi akabwera. Fumbi la makinawa ndi losalala, ndipo bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1995. La MDF limabwera ndi mankhwala a guluu wa ku fakitale. Kathumba ka fumbi kamene kamabwera ndi makina kasatayidwe, chophimba pamphuno chivalidwe, ndipo makutu atsekedwe.

Phatikizani zonse opanda guluu kaye. Zikakhala bwino, konzani makilampu pafupi, otsegula kale pa muyeso wake. Pakani guluu m'mbali monse mwa thabwa ndi m'makoma a kabowo ndi kamtengo kopyapyala, lowetsani mabisiketi, phatikizani msanga. Kumalo ozizira guluu woyera amakupatsani mphindi 10 kapena kucheperapo, koma pa kutentha kwa ku Mangochi amayamba kuchita khungu mofulumira, ndipo mabisiketi nawo akufufuma nthawi yomweyo. Ntchito yomata ichitike m'mawa, ndipo tebulo la matabwa asanu ndi limodzi limatidwe atatuatatu kenako n'kuphatikiza zigawo ziwirizo. Makilampu asinthane, ina pansi ina pamwamba, omangidwa mpaka guluu atatuluka timadontho pa mzere wonse, osapitirira. Shedi yopanda makilampu okwanira imagwiritsa ntchito matabwa awiri okhomedwa pa benchi ndi timitengo tosongoka tothinitsira, ndipo njira imeneyi imagwira bwino lomwe.

Pomanga pamwamba pa tebulo ku miyendo yake, musakhome mozungulira ngati kuti thabwa silidzasuntha. Makina omwewa amathandiza: dulani timabowo m'kati mwa matabwa olumikiza miyendo, semani timitengo tokhala ndi lilime lolowa m'timabowomo, n'kutimangira kunsi kwa tebulo ndi sikuluu. Pamwambapo pamagwira zolimba koma pamatha kufufuma ndi kunyala ndi nyengo osang'ambika.

Mabisiketi akatha pakati pa ntchito, ena amadula awo kuchokera ku pulayiwudi ya mamilimita 4. Amenewa safufuma ngati a beech, choncho pa makona a kabati sangadaliridwe mofanana, koma pofananitsa matabwa a tebulo amathandiza, bola alowe mothina. Kwa mmisiri amene amapanga tebulo limodzi pa mwezi, mzere wodulidwa m'mbali mwa matabwa ndi kalilime ka pulayiwudi kolowetsamo zimachita ntchito yomweyo popanda kugula makina atsopano. Amene makinawa angamubwezere ndalama zake ndi wa maoda a makabati a kukhitchini, mawadirobu, mashelefu a m'sitolo ndi matebulo a malo ogona alendo a pakati pa Mangochi ndi Cape Maclear, amene pa sabata amadula mabowo mazana, ndipo kuseri kwa shedi yake kuli kale mulu wa matabwa a chaka chatha.